Kaweruzidwe ka mamanijala a NFL kosalakwitsa nako

Chaka chilichonse chakumapeto kwa April, matimu 32 a ligi ya NFL ku America amagawana anyamata otuluka m'makoleji. Mwambowu amautcha draft. Timu imene inagona kumchira kwa ligi ndiyo imayamba kusankha, akatswiri amasankha komalizira, ndipo amazungulira kasanu ndi kawiri m'masiku atatu mpaka anyamata oposa 250 atapeza kwawo. Amene amasenza dzina lililonse losankhidwa ndi manijala wamkulu wa timu. Ntchito yakeyo ndi yowawa. Yanu yomuweruza ndi yofewa, bola mutsate njira yake.

Musadikire. Alipo amantha ena amene amati mnyamata ayambe wasewera zaka zitatu tisanatsegule pakamwa, ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asiyeni ndi nkhono zawozo. Inu perekani malikisi usiku womwewo, mnyamata asanayeze n'komwe chisoti. Kuno mwambowu umayamba 2 koloko usiku, choncho tambala akamalira mukhale mutamaliza kuchonga. Mu 2012 olemba nkhani ambiri anachita zomwezo ndi Seattle Seahawks, ena mpaka kuipatsa F. Manijala wake, John Schneider, anatenga Bruce Irvin pa nambala 15 anthu akuti wapupuluma naye, Bobby Wagner pa 47, ndi Russell Wilson pa 75, amene ankanenedwa kuti ndi wamfupi kwambiri moti sangakhale quarterback, uja woponya mpira ndi kuyendetsa timu yonse. Mu February 2014 anyamata omwewo anakwapula Denver Broncos 43-8 mu Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa ligi. Zimenezi zisakuopseni. April wotsatira amabwera ndi pepala latsopano, ndipo cholembera chofiira sichitha inki.

Ngati muli pamalo pomwe mwambo ukuchitikira, kuwizani. Mu 1999 ochemerera Philadelphia Eagles anapita ku New York akufuna Ricky Williams, ndipo timu yawo itatchula Donovan McNabb pa nambala 2 anamulandira ndi chiphokoso chomunyoza. McNabb anawasewerera zaka 11, n'kuwafikitsa ku Super Bowl. Mwaonatu, kukuwiza kumalimbitsa mwana.

Chaka choyamba chikatha, lengezani amene walephera. Peyton Manning, woyamba kusankhidwa mu 1998, anaponyera adani mpira ka 28 m'chaka chake choyamba, ndipo Indianapolis Colts inapambana masewero atatu okha pa 16. Umboni woposa pamenepo mungaufunirenji? Mukanamuika m'manda pomwepo, palibe akanakutsutsani kwa miyezi ingapo. Zoti chaka chotsatira anapambana masewero 13 ndi nkhani ya chaka chotsatiracho.

Koma fupa lenileni la luso limeneli lili apa. Pakapita zaka zisanu, tengani mndandanda wa draft yakale, muyang'ane amene anadzakhala katswiri, kenako funsani mokweza mawu kuti manijala wanu anali kuti. Chitsanzo chokoma ndi cha 2017. Ryan Pace wa Chicago Bears anapereka mwayi wake wosankha ungapo kuti akwere kuchoka pa nambala 3 kufika pa 2, n'kutenga Mitchell Trubisky. Patrick Mahomes anapita ku Kansas City Chiefs pa nambala 10. Nenani kuti ngakhale mwana wa ku mkaka akanadziwa. Musatchule kuti matimu asanu ndi anayi anasankha Mahomes ali chikhalire pampando, ndiponso kuti ambiri ankakayikira kaseweredwe ka ku Texas Tech kumene anachokera. Makamaka musatchule kuti Bears itapambana masewero 12 mu 2018, Pace yemweyo anapatsidwa mphoto ya Sporting News ya manijala wopambana pa chaka. Zinthu zotere zimangosokoneza omvera, ndipo mwina inuyo munaomba nawo m'manja nthawi imeneyo.

Mnyamata muzimuona ngati mbewu yomera paliponse, pathanthwe kaya padambo. Mahomes anakhala pabenchi pafupifupi chaka chonse choyamba akuphunzira kwa Alex Smith, pansi pa kochi Andy Reid, ndipo atalowa anapeza Travis Kelce ndi Tyreek Hill akudikira mipira yake. Aaron Rodgers, amene Green Bay Packers inamutenga pa nambala 24 mu 2005, anadikira zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre. David Carr yekha, woyamba kusankhidwa mu 2002, anaponyedwa m'bwalo tsiku loyamba ndi Houston Texans, timu yongobadwa kumene, ndipo anagwetsedwa pansi mpira uli m'manja ka 76 chaka chimodzi. Woweruza wofooka angafunse kuti Mahomes akanakhala ndani akanagwera ku Houston kwa 2002. Inu musafunse. Carr anali woipa, Mahomes ndi wabwino, nkhani yatha.

Mwayi kulibe. Izi muzigwire ndi manja awiri. Manijala akapeza katswiri kumapeto kwa draft, ndiye kuti ndi mlosi. Mu 2000 New England Patriots ya Bill Belichick inatenga Tom Brady pa nambala 199, ndipo Brady anadzapambana Super Bowl kasanu ndi kawiri, kasanu ndi kamodzi ali ku timu yomweyo. Tamandani diso lakuthwa la Belichick. Wina wovuta adzafunsa kuti ngati ankadziwa, bwanji anayamba watenga anyamata ena asanu ndi mmodzi, n'kumusiya mlosedwayo pamsika kwa maulendo asanu athunthu, pamene timu iliyonse ikanatha kumutola? Muyankheni kuti imeneyo inali njomba, ndipo musinthe nkhani.

Pena manijala mmodzi amakupatsani zida za mbali zonse, ndipo apa m'pofunika ukadaulo. John Lynch wa San Francisco 49ers anagulitsa mwayi wosankha mu ulendo woyamba wa zaka zitatu kuti atenge Trey Lance pa nambala 3 mu 2021. Lance anayamba masewero anayi okha asanamutumize ku Dallas. Chaka chotsatira draft imeneyo, Lynch yemweyo anatenga Brock Purdy pa nambala 262, womaliza weniweni, malo amene mwini wake amamuseka ndi dzina loti Mr. Irrelevant, kutanthauza munthu wopanda ntchito. Purdy anaifikitsa timuyo ku Super Bowl mu February 2024. Ndiye Lynch ndi chitsiru kapena ndi dolo? Yang'anani zotsatira za Lamulungu lapitali. Timu ikagonja, tulutsani Lance. Ikapambana, tulutsani Purdy. Musawatulutse onse awiri m'chiganizo chimodzi. Howie Roseman wa Eagles ndi chimodzimodzi: mu 2020 anatenga Jalen Reagor pa 21 n'kusiya Justin Jefferson amene anapita pa 22 n'kudzakhala katswiri, ndipo m'draft yomweyo anatenga Jalen Hurts pa 53 anthu akudandaula kuti quarterback wina ngwachiyani. Hurts ndi amene anasankhidwa wosewera bwino koposa pamene Eagles inagonjetsa Chiefs 40-22 mu February 2025.

Za manambala sizifuna nthawi yambiri. Khulupirirani wotchi. Ku Indianapolis anyamata amathamangitsidwa mayadi 40, ndipo John Ross anathamanga masekondi 4.22 mu 2017. Cincinnati Bengals inamutenga pa nambala 9, Mahomes asanatchulidwe. Brady anathamanga 5.28.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma sananene kuti susenza mlandu. M'chipinda chosankhiramo mumakhala kochi, madokotala, anthu amene ayenda chaka chonse m'makoleji kuonera anyamata, ndi mwini timu amene mawu ake satsutsika. Onsewa aiwaleni, mlandu ndi wa manijala yekha, ndipo cholakwa chimodzi chimakwanira. Bobby Beathard anamanga timu ya Washington imene inapambana Super Bowl kawiri m'zaka za m'ma 1980, anaifikitsanso San Diego Chargers ku Super Bowl, ndipo mu 2018 analowetsedwa mu Hall of Fame, molemekezera akatswiri a masewerowa. Inu muzimukumbukira ndi dzina limodzi: Ryan Leaf, amene anamutenga pa nambala 2 mu 1998 koma n'kulephera. Vuto lili ku Dallas Cowboys kokha, kumene Jerry Jones ndi mwini timu komanso manijala wamkulu kuyambira 1989. Kumeneko mukafuula kuti manijala achotsedwe, kalata yanu imakafikira pa tebulo la manijalayo. Fuulanibe, mawu sagula.

Chatsala ndi kudziteteza, chifukwa masiku ano mafoni amasunga zonse. Draft ikubwerayi, sankhani mnyamata mmodzi wotchuka. Kwa anzanu a kuntchito nenani kuti adzagwedeza ligi. Kwa alamu anu nenani kuti sadzatha zaka ziwiri. Onetsetsani kuti magulu awiriwa asadzakumane pa ukwati kapena pamaliro, ndipo pakatha zaka zitatu pitani kwa amene munawauza zoona, mukhale pansi bwinobwino, muwafunse kuti, "Paja ndinati chiyani ine?"