Che Mzati a m'Vidiyo Sho Alandire Ulemu Wawo

Pa Makawa, pa Namiasi, pa Mpondasi, ku Msaka ngakhale ku Monkey Bay, paliponse pomwe pali msika pamakhala nyumba ina yomwe munthu amayamba waimva asanaione. Sipika ili panja, ikulavula kulira kwa mfuti za m'filimu kapena phokoso la ochemerera a ku England. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko kuti lero Arsenal ikumana ndi Chelsea, ndipo pambali pake paima mnyamata wotolera ndalama. Mkatimo muli mdima, thukuta, mabenchi a zigwagwa ndi sikirini yomwe idabwera ndi m'bale wina kuchokera ku Joni. Tsono pakatikati penipeni, pomwe maso a munthu amayenera kudutsa popita ku sikiriniyo, paima mtengo wa bulugamu, njo! Amenewo ndiwo Che Mzati, ndipo nthawi yakwana yoti anthu a ku Mangochi aleke kuwanyoza.

Akuluwa sadadzitume. Mwini vidiyo sho akamamanga amafuna nyumba yotakata kuti mulowe mabenchi ambiri, poti phindu lake amawerengera pa mitu ya anthu. Koma mtanda wa denga ukatalika popanda chouchirikiza pakati umawerama, ndipo mwera ukayamba kuwomba mu June ndi July, denga lotero limatha kukapezeka kwa aneba. Zitsulo zowotcherera, zomwe zimachoka pa khoma ili kukafika pa linalo popanda wozigwiririra, thumba la mwini vidiyo sho silingazithe. Bulugamu ndiye wotchipa. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, koma Che Mzati akhala akulisenza okha kuyambira tsiku lomwe adazikidwa, opanda tchuthi, ndipo malipiro awo ndi mawu oti "chimtengo ichi bwanji osangochidula?"

Denga lomwe asenzalo si lamasewera. Dziko lino lidakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999, pomwe Television Malawi idayamba kuonetsa zithunzi, ndipo mpaka lero makomo ambiri a m'mphepete mwa nyanja alibe magetsi, osanena za dishi ndi dikoda. Kwa alovi omwe achezera kugwira usipa ndi nyali, kwa anyamata a kabaza ndi ogulitsa kanyenya, vidiyo sho ndiyo sinema, ndiyo holo ya zisudzo, ndiyonso bwalo la mpira. M'mawa filimu ya ku Nigeria, masana ya karate yomasuliridwa m'Chichewa, madzulo mpira. Boma nalo limawadziwa malowa: lamulo loona za zisangalalo la 1968 limafuna kuti malo oonetserako mafilimu akhale ndi chiphaso cha Censorship Board. Bungwelo lili ndi maofesi ndi antchito oti aziletsa maso kuona zina ndi zina, koma amene amaigwiradi ntchito yotchinga maso, tsiku ndi tsiku komanso kwaulere, ndi Che Mzati.

Che Mzati ndi dokotalanso wa mafupa. Taonani munthu yemwe wafika mochedwa n'kupeza kuti malo otsala ndi a kumbuyo kwawo. Mpira ukapita kumanja iye amapendekera kumanja, ukabwerera kumanzere naye amabwerera. Mphindi 90 zikamatha, khosi, msana ndi chiuno zagwira ntchito yomwe a m'tauni amakalipirira ku jimu. Woyandikana naye amayamba ndi kudandaula: "Achimwene, mukutitchinga, khazikani mutuwo pamodzi." Uyu amayankha kuti, "Pepani akulu, mlandu si wanga, funsani awa," uku akuloza mzati. Pasanapite nthawi awiriwo amagwirizana zoti azipendekera limodzi, ndipo ikamakwana hafu taimu amakhala akugawana chinangwa chokazinga, ngakhale wina ndi wa Manchester United, mnzakeyo wa Liverpool.

Chifundo cha Che Mzati chidaonekera poyera usiku wa pa 25 January 2022. Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé m'ndime ya matimu 16 ya mpikisano wa Africa Cup of Nations, koyamba m'mbiri ya dziko lino kufika pamenepo. Dzulo lake namondwe wa Ana adali atagwa, n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo madera ambiri adali mu mdima. Madzi a Shire omwe amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi ndi omwewo amakapukusa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma usiku umenewo chodalira chidali jenereta ya mwini vidiyo sho. Ngakhale eni ma TV a m'nyumba adatuluka kukafuna malo, ndipo mpando wa kumbuyo kwa mzati, womwe masiku onse umakanidwa, udasanduka wolimbirana.

Masewero atangoyenda mphindi 7, Gabadinho Mhango adaumenya mpira ali kutali zedi, n'kudutsa pamwamba pa goloboyi Yassine Bounou. Wa kumbuyo kwa mzati adaona phazi likunyamuka, koma komwe mpirawo udakagwera adakudziwira pa kugwedezeka kwa nyumba. Pamenepo anzake ankasowa chogwira, iye adali ndi Che Mzati oti awakumbatire. Wina anganene kuti chigoli amachibwereza. N'zoona, koma pochibwerezapo nyumba yonse imakhala itaimirira pa mabenchi. Phindu lenileni lidabwera pambuyo pake. Youssef En-Nesyri atabweza chigolicho, Achraf Hakimi adachinya chachiwiri pa firikiki, ndipo a kutsogolo adauona mpirawo kuchoka pa phazi mpaka kukalowa mu ukonde. Ena mpaka lero umawabwerera kutulo. Wa kumbuyo kwa mzati adangomva kuti zii, nadziwa kuti zavuta, mtima wake osalandira chithunzi choti uzisunga.

Asaganize wina kuti mzati ndi chizindikiro cha umphawi, chifukwa abale awo a Che Mzati ali ndi maudindo ku London. M'chaka cha 1599 gulu la William Shakespeare lidamanga nyumba ya zisudzo ya Globe, momwe wolipira peni imodzi ankaonera sewero ataimirira pabwalo. Ataimanganso pafupi ndi mtsinje wa Thames n'kuitsegula mu 1997, adabwezeretsa nsanamira ziwiri zikuluzikulu zosenza denga la pa siteji, moti wosewera akapita kuseri kwake, oonerera ena amangomva mawu. Tikiti yoimirira idakhala pa £5 kwa zaka zambiri, ndipo anthu amaima pamzere kuigula. M'nyumba zakale za zisudzo za mumzindawo, mipando ya m'mwamba inkachirikizidwa ndi nsanamira mpaka amisiri monga Frank Matcham, yemwe adakonza mapulani a London Coliseum ya 1904, atayamba kugwiritsa ntchito zitsulo zotuluka m'khoma. Komwe nsanamira zidatsala, pa tikiti amalemberatu kuti apa suona bwino, ndipo mtengo amatsitsako.

Za mpira ndiye zimachita kukoma. Everton idasewera pa Goodison Park kuyambira 1892 mpaka May 2025, bwalo lomwe lidatchuka ndi nsanamira zotchinga oonerera. Ndiye kuti pomwe mnyamata wa ku Msaka ankapendeka khosi kuti aone Everton pa sikirini, mkati mwa sikirini momwemo mudali mzungu wolipira mapaundi yemwe naye ankapendeka khosi.

Kusiyana kwake n'kwakuti ku England mzati umagawa anthu potengera ndalama, pomwe ku Mangochi suyang'ana m'thumba. Pakhomo la vidiyo sho mtengo ndi umodzi, wosakwana ngakhale kugulira botolo la Fanta pa malo ogona alendo, ndipo wosankha pokhala ndi yemwe wafika msanga. Mwini maboti atatu akachedwa, amakhala kumbuyo kwa Che Mzati, pomwe mnyamata wopalasa bwato lake wakhala kutsogolo, miyendo atatambasula. Che Mzati salandira kangachepe kuti asunthe. M'dziko muno ndi maudindo angati omwe anganene zimenezo?

Kuti ulemu wawo uoneke bwino, ayerekezedwe ndi mlamu wawo, Che Mpanda. Pa Sunbird Nkopola padachitikira chikondwerero cha Lake of Stars mu 2010, 2011, 2014 ndi 2015, ndipo mu 2020 Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda idabweretsa Diamond Platnumz ndi Master KG pa mchenga womwewo. Zikondwerero zotere zimabweretsa ndalama: ogulitsa ziboliboli, okazinga chambo, a kabaza ndi eni malo ogona amapha makwacha. Koma tikiti yake ndi ya masauzande ambirimbiri, ya VIP ndiye yoposa apo, ndipo wa m'mudzi wapafupi amamva nyimbo usiku wonse kwaulere, chooneka m'maso mwake ndi mpanda ndi alonda. Ngakhale wolowayo akaima kumbuyo amapeza tenti ya oyendetsa zoimbira patsogolo pake, kuphatikizapo manja a anthu okweza mafoni m'mwamba, mpaka woimba yemwe wamulipirira amamuonera pa foni ya mnzake. Che Mzati amabisa kachigawo ka sikirini, kotsalako n'kukusiyira. Che Mpanda amatenga zonse.

Ndipo Che Mpanda sapuma chikondwerero chikatha. Wochoka pa boma kulowera ku Monkey Bay amadziwa kuti nyanja ili kudzanja lamanja, koma m'malo ambiri chomwe amaona ndi makoma, mageti ndi zikwangwani za makoteji ndi malo ogona alendo. Pali midzi yomwe amayi opita kukachapa ndi asodzi okaponya bwato amatsikira kunyanja kudzera m'kanjira kopanikizika pakati pa mipanda iwiri. Anthu amenewa ali ndi mpando wosaona bwino pa nyanja yomwe adabadwirapo, ndipo palibe adawatsitsirako mtengo wa chilichonse.

Palinso gulu lina lomwe silinganyoze Che Mzati: ana a kunja kwa khoma. Magulu a zisudzo monga Kwathu, ya malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi omwe dziko lidawadziwa ngati Izeki ndi Jakobo, akamayenda m'maboma, ntchito yoyamba pofika pa holo inkakhala yotchinga mazenera kuti opanda ndalama asaonere mwaulere. Ku vidiyo sho nkhondo yake ndi yomweyo. Mwini amamata makatoni ndi mapulasitiki akuda pa khoma la bango, ana amabowola ndi kamtengo, iye amamatanso. Pa kabowo kamodzi pamakhala maso a ana angapo, mosinthana, wamkulu kwa onse ndiye wogawa nthawi. Zakeyu wa m'Baibulo adali ndi mwayi, adapeza mkuyu woti akwere. Awa ali ndi denga pamwamba pa zomwe akufuna kuona. Kwa iwo munthu wokhala kumbuyo kwa mzati ndi bwana wa ku VIP, ndipo tsiku lomwe mwana wapeza ndalama yolowera koyamba, kawirikawiri amayambira pomwepo, akuluakulu atamukankha m'malo abwino onse.

Pa zaka zapitazi chilichonse cha m'vidiyo sho chasinthapo mtima kupatula akuluwa. Mu August 2023 kampani ya MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi MACRA pa nkhani yokweza mitengo, ndipo eni mavidiyo sho adagona ndi nkhawa mpaka nkhaniyo itakambidwa. Mu November chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu n'kukwera mitengo. Petulo wa jenereta amasowa, magetsi amathima pa penate, mvula ikagunda dishi osewera amauma pa sikirini mwendo uli m'mwamba. Che Mzati sadakwezepo mtengo, sadathimepo, ndipo sadaopsezepo zoti achoka m'dziko. Waya wa babu amapachikidwa pa iwo, msomali wopachikapo chipewa umakhomedwa pa iwo, woledzera amatsamira iwo, ndipo wogona pa filimu ya usiku amawayesa pilo.

Adani ali nawo. Mafoni a intaneti akukoka anyamata ena kuti azionera mpira pa chikhatho, ndipo mashopu a juga ya mpira, omangidwa ndi njerwa ndi zitsulo, ali ndi masikirini pa makoma angapo popanda chotchinga. Kumeneko munthu amaona zonse bwinobwino, kuphatikizapo momwe ndalama yake ya usipa ikupitira. Mdani wakale ndiye chiswe. Mwini wosamala amapaka oyilo wakuda wa galimoto kutsinde asanawazike, komabe pakatha zaka zingapo chiswe chimalowa, ndipo tsiku lina wotsamira amamva kuti akuluwa akugwedera.

Apa ndi pomwe boma la Mangochi liyenera kuchitapo kanthu. Pafupi ndi mlatho paima chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, chomwe sichidasenzepo denga la munthu aliyense, koma alendo amatsika m'galimoto kukachijambula. Chapafupi pomwepo pali mfuti ya Guendolen, sitima yomwe idaombera sitima ya Ajeremani mu August 1914, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale za pa nyanja. Malo oti n'kuikapo mzati umodzi wopuma pantchito, misomali yake ndi mafuta a mitu ya anthu zili pomwepo, sangasowe. Pakadali pano mwambo ndi wina: mzati watsopano umazikidwa m'mawa kuti mpira wa madzulo usalephereke, ndipo wakalewo mwini amaugulitsa kwa amayi owamba kampango ndi mlamba kugombe, omwe amayamba audandaula kuti chiswe chaudya kwambiri kuti awatsitsireko mtengo.