Mapu a Malawi pamutu panga

Ndinalowa m'kanyumba kometera ku Senga Bay kuti andichepetse tsitsi basi. Mnyamata wometayo anayamba bwinobwino, mpaka bambo wina wa pabenchi, amene analibe n'tsitsi lomwe loti amete, anaponya funso: kodi mu 2030 ndani adzatenge ndani kukhala womutsatira? Makina anazima pomwepo. Tinavota pa 16 September 2025. Odzaimira upulezidentiwo sakudziwika, zipani sizinaitanitse n'komwe misonkhano yake yaikulu, koma kunyanja kuno achiwiri awo tawapeza kale.

"Akulu, weramani pang'ono," anatero wometa. Ndinawerama poganiza kuti ntchito ikupitirira. Ayi ndithu, mnyamatayo ankafuna mapu. Chipumi changa chinasanduka Karonga, paliwombo panakhala Lilongwe ndi Kasungu, kuseri kwa khutu lamanja Mangochi ndi Machinga, kunkhongo Nsanje. "Munthu akachokera apa," anagogoda paliwombo ndi chipeso, "sangatenge mnzake wa pompano. Atsike kuno, apo ayi akwere uku." Bambo wa pabenchi anadzuka kudzatsutsa, chala chake chitangotuluka kumene m'jumbo ya tchipisi, n'kundidinda mafuta pa Mzimba. Wa kabaza wina anatsamiritsa njinga pakhomo, kasitomala ali pakaliyala, kudzatikumbutsa kuti voti ya achinyamata taisiya, ndipo poti pamapu panalibe malo, anaiika m'ndevu zanga. Nditafunsa mwaulemu kuti nanga Salima ali pati, anandisonyeza kachipsera ka pambali, n'kunena kuti pamenepo musavutike napo, sipachokera wachiwiri. Kenako magetsi anathima. Ndinatuluka Kummwera kuli mbee, Chigawo cha Pakati chili nkhalango, ndalama nditalipira yonse chifukwa akuti ndapindulapo nzeru.

Chimene chimandiwawa si tsitsi ayi. N'chakuti akatswiri amenewa sanalasepo ngakhale kamodzi, koma manyazi alibe. Mu 2014 ankalumbira kuti Joyce Banda sangasiye Khumbo Kachali, amayi aja n'kutenga Sosten Gwengwe. Chaka chomwecho Peter Mutharika anakatenga Saulos Chilima ku Airtel, anthu akuyang'ana m'chipani. Mu February 2019 mabenchi onse a pa Kamuzu Road anali ndi mayina a akuluakulu a DPP, wina kubetcha mbuzi, wina foni. Panatulukira Everton Chimulirenji wa ku Ntcheu, ndipo akatswiri anayamba kufunsana kuti dzinalo limalembedwa bwanji. Mu 2025 Mutharika anatenga Jane Ansah, yemwe uja anali wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho cha 2019 chimene khoti linachifafaniza, Lazarus Chakwera n'kutenga Vitumbiko Mumba, Joyce Banda n'kubwerera kwa Kachali yemweyo. Tsiku lililonse lotere likamafika madzulo, bawo yonse imagwirizana mawu amodzi: "Ine ndinanena." Anauza ndani? Akuti anauza akazi awo.

Onsewa ndikhoza kuwakhululukira, kupatula mmodzi, uja ali ndi munthu wamkati. Mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja uli naye wake. Amavala jekete kutentha kwa October, amayenda ndi mafoni awiri, imodzi yosayaka, ndipo asanalankhule amayamba wayang'ana kumanzere ndi kumanja ngati apolisi amubisalira kuseri kwa thandala la usipa. "Izi zisatuluke," amatero, pamaso pa anthu odzadza minibasi. Munthu wake wamkatiyo ukamufufuza umapeza kuti ndi mlamu wa msuweni wake, amene amatsuka magalimoto pa hotela ina ya mphepete mwa nyanja. Poti mabwana a ku Lilongwe nkhani iliyonse, ngakhale ya njala ya ku Nsanje, amaikambirana bwino akamaona madzi a ku Salima, wotsuka magalimotoyu ndiye wasanduka nthambi yofufuza za boma. Wakuti anakwera galimoto ya wakuti: ndiye kuti zatheka. Wakuti anaitanitsa chambo, bwana wake kampango: pali kugawanika. Wakuti anapita kuchimbudzi bwana akulankhula: ameneyo akuyambitsa chipani chake. Munthu wa jeketeyu akatha kukuuzani chinsinsi cha dziko amatsitsa mawu kwambiri, n'kupempha ya mayunitsi kuti amuimbirenso wamkati uja.

Ndipo masamu awo ndi amodzimodzi chaka ndi chaka. Kwawo n'kuti? Ndi Mlomwe, Mtumbuka, Myao kapena Mchewa? Amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamlungu? M'thumba muli kanthu? Chiyambireni lamulo loti wopambana apeze mavoti opitirira theka, limene linayamba kugwira ntchito pa chisankho cha 23 June 2020, masamuwa anakula mphamvu, moti munthu amene sadziwa kuti ana ake ali sitandade chani amakuwerengerani mavoti a ku Thyolo ndi Phalombe osaphethira. Sindinamvepo wina akufunsa ngati wachiwiri wolotedwayo akudziwa mtengo wa mafuta a injini ya boti, kapena chifukwa chimene chambo chasandukira ndiwo ya alendo ife eni nyanja tikukangana ndi bonya.

Komanso mpando akuukanganirawu, abale, ndi mpando wanji? Justin Malewezi anatumikira Bakili Muluzi kuyambira 1994, mapeto ake anatuluka mu UDF n'kukaima payekha mu 2004. Cassim Chilumpha anapambana limodzi ndi Bingu wa Mutharika mu 2004, pofika 2006 anali atamangidwa pomuganizira kuti akukonza chiwembu chopha bwana wake. Joyce Banda anavina ndi Bingu pamisonkhano ya 2009, mu December 2010 anachotsedwa mu DPP. Chilima anatuluka mu DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM. Michael Usi, amene ambiri tinamudziwira pa Tikuferanji ngati Manganya, anamaliza n'kupikisana ndi bwana wake Chakwera mu 2025 pansi pa chipani cha Odya Zake Alibe Mlandu, dzina loti ngakhale wolemba sewero akanaopa kulipeka. Mayi wina woyanika usipa, amene amamva zonsezi tsiku ndi tsiku manja ali pantchito, anandiuza kuti womutsatira ali ngati nyali ya siginala: imayatsidwa usiku kuti nsomba zisonkhane, chilimira chikakokedwa n'kucha, amaizimitsa n'kuiponya pansi pa bwato.

Apa ndiye mtima umandiwira. Anthu omwewa, amene lero akukwatitsa andale pamutu pa mnzawo, ndi amene mawa adzakhale oyamba kufalitsa kuti awiriwo sakumwerana madzi, kuti wachiwiri sanapatsidwe moni pabwalo la ndege, kuti galimoto zomuperekeza zachepetsedwa. Amasankha munthu kuti adzamuonere akuvutika. Koma ndikaganiza bwino ndimafatsa, pakuti mpandowu si wamasewera monga timauchitira. Bingu atamwalira mwadzidzidzi mu April 2012, amayi aja anachotsedwa m'chipani ndi amene analumbira pa 7 April kukhala mtsogoleri wa dziko. Ndipo ndege itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha Chilima ndi anzake, pamchenga pano panalibe wotchula chigawo kapena mtundu. Asodzi anazungulira wailesi ali chete, ngakhale wa jekete uja tsiku limenelo analibe munthu wamkati. Mwina mikangano yonseyi ndi njira yathu yodziuzira kuti nafenso timafunsidwa, ngakhale tikudziwa kuti dzinalo limasankhidwa ndi munthu mmodzi m'chipinda chotseka.

Posachedwapa m'mudzi mwathu munali chisankho cha komiti ya mjigo. Wapampando anapezeka msangamsanga, mayi wolimba amene amasunga kale kiyi. Pofika pa wachiwiri, agogo ena anaimika mkono n'kunena kuti mpando umenewu tili naye katswiri wake, munthu amene wakhala akusankhira dziko lonse achiwiri kwa zaka zambiri osalandira kanthu. Anthu anaomba m'manja, maso onse kwa wa jekete. Bamboyo anaimirira pang'onopang'ono, nayang'ana kumanzere ndi kumanja, thukuta lili kamukamu.

"Amfumu," anatero, "ine ndakulakwirani chiyani?"

Anamunyengerera, anakana. Anamuuza kuti ntchito yake n'kungokhala pambali pa apampando, iye anati n'chimene akukanira. Pomaliza mpandowo anaupereka kwa mkulu wina amene tsikulo anali pakati pa nyanja osadziwa kanthu. Mkuluyo sanapitepo kumsonkhano ngakhale umodzi, koma wa jekete akuti ali ndi umboni wochokera mkati woti apampando anasiya kale kumuyankha moni.