Mwana wolowerera wa Dürer ndi matchona a ku Joni

Chithunzi cha mwana wolowerera chimene Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anapanga cha m'ma 1496 si chapenti ayi. Mmisiriyu ankagoba mizere pa chitsulo chaphanthiphanthi cha kopa, n'kupaka inki m'mizeremo, kenako n'kudinda papepala. Chitsulo chimodzi chinkabala zithunzi zambirimbiri. N'chifukwa chake ntchito zake zinayenda kutali, zina mpaka kufika ku Johannesburg Art Gallery pa Joubert Park, kamtunda kochepa kuchokera pa Park Station pomwe Amalawi ambiri amatsikira basi.

Nkhani yake ndi ija ya pa Luka 15. Mnyamatayo wagwada pakati pa nkhumba, wapinda manja, maso ali kumwamba. Nkhumbazo zili kalikiliki pa chodyera, zonenepa kuposa mbusa wawo. Kumbuyo kuli nyumba zakutha za m'mudzi wa ku Germany, ndipo chakumanzere kukungooneka mbuyo ya ng'ombe, mwina inakana kujambulitsa nkhope.

Akatswiri amati chithunzichi chimaonetsa kulapa. Mlembi wa danga lino, mtchona wogona ku Mayfair ku Joni amene amasambitsa agalu a bwana, amachiyang'ana ndi nsanje. Mnyamata wa Dürer ananyamuka kwawo ndi cholowa m'thumba. Mlembiyu ananyamuka ndi ngongole ya katapila, atagulitsanso njinga ya amalume. M'chithunzi chonsecho mulibe wapolisi wofunsa pasipoti, ndipo nkhumba sizifunsa munthu ngati ali ndi mapepala.

Nsanje yeniyeni ili pa kabwereredwe. Wolowererayo anafika chimanjamanja, koma anavekedwa mphete n'kupheredwa mwana wang'ombe wonenepa. Mtchona akangolota zobwerera, WhatsApp imadzaza: firiji ya amayi, bulangete la agogo, foni ya alamu, malata a nyumba imene wakhala akumva kuti "yafika pawindo" kuyambira kalekale. Akafika chimanjamanja, ndiwo yake ndi therere, ndipo mudzi wonse umasanduka mkulu wake wa wolowerera uja, amene anakana kulowa m'nyumba.

Bambo a Dürer nawonso anali mtchona. Anachokera ku Hungary, n'kukhazikika ku Nuremberg mu 1455 monga mmisiri wagolide. Mu 1467 anakwatira mwana wa bwana wawo, ndipo anamwalira konko mu 1502. Mwana wa bwana wa mlembi uno dzina la mlembiyo salidziwa. Amangomuitana kuti "Malawi".