Mame Amene Sakamuka

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene adapeka mwambiwu sadalipirepo renti ku Sunnyside. Kumudzi mlendo ankati akabwera mumamugwirira nkhuku, m'mawa mwake n'kumuperekeza mpaka kudambo, basi zatha. Kuno ku Pretoria mlendo amatsika basi pa Bosman ndi kachikwama kamodzi, n'kukuuzani kuti, "Achimwene, ndingogona masiku awiri, ndikapeza ganyu ndichoka." Mitengo ya jacaranda ichita maluwa mu Okutobala, ayoyoka, ichitanso ena chaka chinacho, mkuluyo akadali pampando womwewo, rimoti ili m'manja.

Musamuone ngati woyamba. Khalidweli lili ndi akatswiri ake, ndipo ali ndi miyendo isanu ndi itatu.

Inu amene mumagwira ntchito m'magadeni a ku Waterkloof, chakumapeto kwa dzinja muyang'anitsitse ukonde waukulu wachikasu umene kangaude wamkulu uja amatchera pakati pa mitengo. M'mphepete mwake muona timadontho tonyezimira ngati mame. Dzuwa likwere, lifike paliwombo, timadonthoto sitiuma ayi, chifukwa ndi tiakangaude totchedwa Argyrodes, tamamilimita ochepa chabe. Sitivutika n'kuluka ukonde wogwirira chakudya. Timangomangirira tiulusi tawo ku ukonde wa mwininyumba n'kumatchera khutu. Ukonde ukagwedezeka timadziwa kuti ndiwo zafika. Tizilombo ting'onoting'ono timene mwiniwake sanatisamale, ito timatola. Nthawi zina timadikira mwini akulunge bwinobwino nyama yake, akangotembenuka timadula ulusi n'kutsetsereka nayo. Kukagwa njala timadya ndi ulusi womwe, kutanthauza kuti mlendo wayamba kudya khoma la nyumba. Ukonde umodzi umatha kusunga alendo otere makumi angapo, ndipo zikanyanya amasamuka ndi mwininyumba, osati mlendo.

Chodabwitsa n'chakuti kwawo kwa Argyrodes si kwa alesi. Banja lake ndi la Theridiidae, la mitundu yoposa 2,000, eni maukonde osokonekera a m'makona aja amene amayi amalimbana nawo ndi tsache. Ukondewo ukuoneka ngati woluka munthu ataledzera, koma ndi msampha woganiziridwa. Ulusi wina umatsikira pansi uli wokungika, kunsonga kwake kuli ulimbo. Nyerere ikaugunda umaduka n'kuinyamula m'mwamba, kangaude n'kubwera kudzaiponyera ulusi womata ndi tizipeso tapamiyendo yake yakumbuyo.

M'banja lomweli muli Latrodectus geometricus, wofiirira uja wokhala kunsi kwa mipando yapanja ndi m'mafelemu a mawindo, wa chizindikiro chofiira kumimba ndi timatumba ta mazira taminga. Ameneyu ululu ali nawo, choncho musapise dzanja pamene maso sanaone, ndipo akakulumani thamangirani kuchipatala. Koma ndi wamanyazi. Mukamusokoneza amadzipinda, n'kugwa pansi ngati wafa. Luso limeneli mlendo wanu nalonso ali nalo: tangotchulani za mayunitsi a magetsi muone tulo take.

Akangaudewa anthu adawafufuzanso konkuno ku Pretoria. Ansie Dippenaar-Schoeman wa ku Agricultural Research Council adathera zaka zambiri pa akangaude, ndipo mu 1997 adayambitsa nawo kalembera wa akangaude a dziko lonse la South Africa. Kalembera wa alamu ogona pabalaza ndiye palibe amene wamuyamba, mwina poopa chiwerengero.

Ine sindikuti tizithamangitsa abale. Ambirife tidafika chonchi, tidagonapo pamphasa ya wina, mwini wake akumwetulira ndi mano okha. Komatu Argyrodes ali ndi ulemu umodzi: nthawi zambiri amakhala m'mphepete, pakati pa ukonde n'kusiyira mwini. Ndiye inu alamu amene mukuwerenga izi pafoni ya eni nyumba, pa data ya eni nyumba, mwezi uno gulaniko ufa, ngakhale wa makilogalamu asanu okha.