Nyemba Zanga Zalowa Sekondale

Popeza mtengo wa nyemba pa msika wa Kapata wakwera kufikira pakuti munthu wosauka ayenera kuziwerenga imodziimodzi asanaziponye mumphika, sindinayembekezere kuti mdani wina wa ndiwo zanga adzatulukira m'nyumba mwanga momwe, atavala yunifolomu imene ndinagula ndi thukuta langa.

Aphunzitsi, ati, anaona kuti ana sagwira za kugawikana kwa maselo pokhapokha atasewera. Motero mwana wanga wamkazi akumba maenje a nsolo kuseri kwa nyumba, nandandalika nyemba pakati ngati makromozomu, zofiira za atate, zoyera za amayi, nazikokera uku ndi uku, akutchula prophase, metaphase, anaphase ndi telophase. "Atate, khalani pansi mumve," anatero, nandilangiza kuti mu mitosis selo limodzi la munthu libala awiri, lililonse ndi makromozomu 46 osaperewera, pamene mu meiosis mutuluka anayi, lililonse ndi 23 okha.

Pamenepo maso anga anatseguka, ndipo ndinadziwa nthenda ya malipiro anga, kuti ndi a meiosis. Pakuti pakutha pa mwezi agawikana panayi, kwa mwini nyumba, kwa wamakala, kwa wakaloba ndi kwa apongozi a ku Katete, aliyense nachoka akung'ung'udza kuti walandira theka. Selo lili ndi ulemu, liyamba lachulukitsa chuma chake lisanagawe, mwambo umene kwacha yanga sinaphunzire. Ngongole zanga zokha ndizo zinakhoza mitosis: imodzi ibala ziwiri, iliyonse yamphumphu, ndipo sizipumula ngakhale pa Sabata.

Chiyambire 2022, pamene boma linachotsa fizi, makalasi adzaza, ndipo tithokoza. Koma walira mvula walira matope. Wasayansi Walther Flemming anapenya zinthu izi za kugawikana kwa maselo ndi maso ake pa maikulosikopu, nazilemba mu 1882. Mwana wanga, zaka zoposa 140 pambuyo pake, azipenya m'dzenje la nsolo, chonsecho nsonga ya muzu wa anyezi, imene ikanamuonetsa zenizeni, ili m'dimba lililonse. Masewerawa ndi nzeru ya mphunzitsi wosowa zida, ndipo ndiwavulira chipewa. Koma asasanduke pobisalira akuluakulu amene ntchito yawo ndi kugula zidazo.

Ndamva mphekesera kuti teremu ikudzayi adzaphunzira za m'mimba mwa nyama. Tambala wanga ndamutumiza kale kwa akulu anga ku Chadiza, akakhale komweko kufikira mayeso atatha.