Mishoni ili pakhoma, bwana atuluka pang'ono

Matenda a mafulemu afika pa Mwanza. Kale khoma la ofesi linkakhala ndi kalendala ndi chithunzi cha Pulezidenti basi. Lero ngakhale kakampani koyendetsa mapepala a katundu pa boda kali ndi mafulemu a Vishoni, Mishoni ndi Mfundo Zathu, zolembedwa m'Chingerezi choti mwini wake akamawerenga amapumira panjira.

Zimayamba chonchi. Bwana apita ku wekishopu ku Blantyre, abwerako ndi tisheti, alawansi ndi mawu atsopano. Lolemba aitanitsa antchito onse: mlamu wawo wosunga ndalama, mphwawo wa pa kompyuta, ndi alonda.

"Pofika 2063 tikhale kampani yotsogola mu Africa muno," atero bwana.

Chakacho achibwereka ku Malawi 2063, masomphenya amene boma lidakhazikitsa mu 2021, Vision 2020 itatha tikuyang'ana. Kukoma kwa 2063 n'koti palibe m'chipindamo amene adzakhalepo kuti afunsidwe. Alonda akweza dzanja, afunsa mwaulemu ngati Africayo ikuyambira pa Zobue pomwepa, poti kutsidyako kuli mayi wina amene akufunabe ndalama zake za nsima.

Mfundo yoyamba ndi Kusunga Nthawi. Dalaivala wa thilaki amene wachokera ku Harare kudzera ku Tete amaidziwa bwino mfundoyi, chifukwa amakhala pabenchi moyang'anizana nayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Jekete ya bwana ili pampando, makiyi ali patebulo, eni ake "atuluka pang'ono". Pang'ono wa pa Mwanza amatha kufika ku Neno n'kubwerako. Bwana akatulukira, netiweki ndiye yavuta. Mfundo yachiwiri, Chilungamo, imayang'ana kumbali pamene dalaivala akupisa m'thumba kutulutsa ya Fanta, ndipo netiweki imachira pompo.

Koma tisawanamizire, mfundo imodzi ndi yoona: Ndife Banja Limodzi. Onse ndi abaledi, kupatula alonda. Mphamvu ya mfundoyi imaoneka kumapeto a mwezi. Wina akangotchula malipiro, bwana amaloza khoma n'kudandaula: "Achimwene, pa banja timawerengerana masiku?" Mlamu uja amagwedeza mutu kuvomereza, poti iye adadzilipira kale.

Panja, m'mbali mwa msewu wa M6, amayi a manachesi alibe fulemu. Basi ikangoima afika kale pawindo, mtengo anena, chenji apereka, wina amuikira ya pulaizi. Bwana amawadutsa akupukusa mutu, ati vuto la anthu athu ndi kusowa masomphenya.

Pano akukonza zopita ku Mangochi kukaunikanso mfundozi m'mbali mwa nyanja, poti akuti pa Mwanza phokoso la mathilaki silimalola munthu kuganiza. Apita ndi mlamu. Alonda awauza kuti maganizo awo alembe papepala, asiye pansi pa chitseko.