Diso Limodzi, Nkhani Zisanu

Masiku ano nduna kapena bwana wa kampani ku London ndi ku Washington sangatsike pa nsanja asananene kuti ali "laser-focused", ati maso ake ali pa chinthu chimodzi basi. Akatero amayamba kuwerenga: misonkho, ntchito, chitetezo, zipatala, kukwera mitengo kwa zinthu. Chimodzi chija chaswana ngati mbewa.

Laser yoyamba anaiyatsa Theodore Maiman mu 1960 ku Hughes Research Laboratories ku California, pogwiritsa ntchito mwala wa ruby. Kuwala kwake kumalunjika osamwazikana, komatu nthawi imeneyo ena ankaseka kuti chipangizochi chikusowa ntchito.

Lero ntchito zaichulukira: amawerengera mitengo m'sitolo, amachitira opaleshoni ya maso, ndipo madzulo amphaka amaithamangitsa pakhoma.